Mpikisano wa Gofu wa Oitanidwa Okha

Lolemba, 9 Novembala 2020

Ndabwerako ku mgodi. Sabata yopuma yayamba. Ndatsegula chitseko, ndanena kuti odi m'nyumba mwanga momwe, ndadziyankha ndekha.

Zomwe ndapeza:
- mkaka mufiriji wasanduka chambiko
- kapinga wa kuseri wauma theka
- mipando ya patebulo ili momwe ndinaisiyira
- nsapato za kusukulu za Tadala zili pakhomo, zomwe pano sizingamukwanenso

Mayi a Tadala anapita ku Lilongwe mu Febuluwale kukaika maliro a mayi awo, mwana anamutenga. Ankati milungu itatu basi. Kenako korona, malire n'kutsekedwa, ndipo viza yathu si ya anthu ololedwa kulowanso. Chichokereni iwo palibe munthu wakhalapo pampando m'nyumba muno kupatula ine. Ndimasinthasintha pokhala kuti mipando isachitirane nsanje.

Dzulo pafoni akuti ndayamba kuyankhula ngati munthu wokhala yekha. "Kali kokha n'kanyama, bambo a Tadala. Itanani anthu." Zandipweteka chifukwa n'zoona. Ndiye ndawalonjeza. Pofika Lamulungu m'nyumba muno mukhala anthu, aziseka, azidetsa pansi, ndipo ndiwaonetsa pavidiyo aone okha.

Nzeru yachokera pa TV. Mpikisano waukulu wa gofu uja wa ku America, wochitikira pabwalo limodzimodzi chaka ndi chaka kuyambira agogo athu ali anyamata, uli sabata ino. Masiku onse umakhala mu Epulo, maluwa ali mbuu. Chaka chino korona waukankhira ku Novembala, komanso popanda owonerera.

Masewerawa ine ndimawadziwa. Ndili mnyamata ku Thyolo ndinali kedi pabwalo la eni minda ya tiyi, kunyamulira azungu thumba la ndodo, kuphazi kulibe kanthu. Kumenya sankatilola, koma malamulo ndinawameza onse, ndipo sanagayikebe mpaka lero.

Ndichititsa wanga konkuno ku Ellenbrook, dera lathu mumzinda wa Perth, kuseri kwa nyumba, motsatira ndondomeko ya ku America tsiku ndi tsiku. Zachisawawa ayi.

Bwalo ndi lalitali ngati minibasi ziwiri zoima mondondozana. Ndakwirira zitini zitatu za nyemba, amenewo ndiwo maenje, lililonse ndi mbendera yake. Ku America dzenje lililonse lili ndi dzina la duwa kapena mtengo, poti malowo kale anali nazale. Anga ndi awa: Bonongwe, Nkhwani, Chisoso. Chisoso ndiye chovuta, chili kuseri kwa bini.

Lamulo loyamba: munthu salembetsa, amachita kuitanidwa. Ndaitana atatu:
- a Gondwe, akuluakulu a kutchalitchi, okhala kwa mwana wawo ku Morley
- a Chikaonda, nesi ku Fremantle
- a Mwanza a ku Zambia, osamalira okalamba

A Kaphale ndawasiya. Amayankhula kwambiri, ndipo akamabwera amabwera ndi mudzi wonse.

Mayina ndawalemba pagulupu yathu ya pafoni, pomwe pali a Malawi onse a kuno, kuti oitanidwawo amve ulemu anthu akuona. Onse atatu ayankha kuti abwera. A Kaphale angolemba kuti, "Zabwino zonse, bwana." Anthu athu ndi a mtima wabwino ndithu.

Lachiwiri, 10 Novembala

Lero ndi la chakudya cha akatswiri. Ku America, Lachiwiri madzulo, amene anapambana chaka chatha amaitana onse amene anapambanapo, zakudya amasankha yekha, kulipira amalipiranso yekha. Kuno palibe anapambanapo, ndiye ndadzisankha ine kukhala katswiri wa chaka chatha. Wotsutsa sanapezeke.

Zakudya:
- kanyenya wa mbuzi
- tchipisi cha pachiwaya, ngati cha kudepoti
- kabichi waiwisi wothira tomato ndi tsabola
- thobwa, koma ndakumbukira mochedwa kuti safulula tsiku lomwelo, ndiye za m'botolo

Mbuzi ndakagula ku Morley. M'shopumo ndakumana ndi mayi Kaphale. Andipatsa moni wautali, wopinda maondo, mawu ali pansipansi ngati tili pasiwa. Akuti amva kuti masiku ano ndine munthu wodziwa kusankha mayina. Ndathokoza. Mbiri ya mpikisano yayamba kufala!

Masana aimba mayi Chikaonda. Akufunsa choti abweretse, mandasi kapena saladi. Ndawafotokozera bwinobwino, modekha, kuti mwambo wake ndi wa akatswiri okhaokha, a kunyumba sabwera nawo. Kenako akuti, "Oho. Ndiye amuna anga adyera konkuno, kwa ife osapambana."

Sipanatenge nthawi, a Chikaonda alemba kuti awapatsa mashifiti sabata yonse, mpaka Lamulungu. Chipatala chimadziwa kusankha nthawi, abale!

Madzulo. Tebulo ndayala, nsalu yake ya mayi a Tadala ya pa Khirisimasi ija. A Gondwe akuti alibe wowabweretsa, mkamwini watenga galimoto. A Mwanza akuti ali panjira.

Ndikudikira. Ntchentche za kuno zokha ndizo zasunga nthawi.

A Mwanza akadali panjira. Mbuzi yayamba kugwira mafuta.

Mwambo umati katswiri ayankhule. Ndaimirira, ndathokoza onse amene abwera, ndakumbutsa anthu kuti gofu ndi masewera a ulemu, ndakhala pansi. Ndadya. Nyama yatsala yoti ikhoza kudyetsa kamaliro kakang'ono.

Mafupa ndaponyera galu wa aneba kudutsitsa pampanda. Anebawo dzina lawo sindilidziwa. Timangokwezerana dzanja tsiku lotulutsa mabini.

Lachitatu, 11 Novembala

Lachitatu ku America ndi tsiku la mabanja. Pamakhala kampikisano kakafupi kongosangalala, ana ndi akazi a osewera n'kuvala maovolosi oyera a makedi, kumanyamulira abambo awo ndodo. Chaka chino alithetsa chifukwa cha korona. Kuno ku Perth matendawa anawatsekera kunja pamodzi ndi akazi athu, anthu akuyenderana bwinobwino, ndiye langa lilipo.

Maovolosi oyerawo ali ndi mbiri yake. Kwa zaka zambirimbiri onyamula pabwalo lija anali akuda okhaokha, omenya azungu okhaokha. Wakuda woyamba kuitanidwa kuti adzamenye nawo anafika ine nditabadwa kale. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa. Kusankha anthu n'koipa kwambiri.

Tadala akanakhalapo ndikanamupindira manja ovolosi yanga ya ku mgodi, olo ili yaolenji. Ndaitulutsa, ndaiyang'ana, ndaibwezera.

Masana. Hutala panja!

A Mwanza afika, atakhala panjira kuyambira dzulo. Abwera ndi akazi awo, ana atatu, mlamu wina yemwe sindikumudziwa, kulabokosi ndi sipika. Nyumba yadzaza! Mipando yonse yakhalidwa, mlamuyo wakhala pandowa. Mayi Mwanza atsegula firiji osapempha, akutenthetsa mbuzi ya dzulo uku akundinyoza kuti ndaonda. Mwana wina watayira juwisi pakapeti. Nyimbo zikulira. Ndalowa m'bafa, ndatsegula mpopi kuti asamve, ndapukuta maso, ndatuluka.

Nditatuluka ndawasonkhanitsa kuti ndiwawerengere malamulo, poti zinthu zikayamba molakwika zimatha molakwika:
- mafoni onse m'dengu. Ku America akakugwira ndi foni pabwalo amakutulutsa
- kuthamanga n'koletsedwa
- wina akamamenya, aliyense chete
- sipika izimitsidwe

Ana a a Mwanza Chinyanja amamva, koma amayankha Chizungu cha kuno chotulukira m'mphuno. Wamng'ono wakweza dzanja, wafunsa ngati kupuma mpweya n'kololedwa.

Mayi Mwanza akuti foni yawo siingalowe m'dengu, kuntchito akhoza kuwaitana. Ndawauza kuti ngakhale mabwana a makampani aakulu amasiya zawo pageti. Aiponya m'dengu mwamphamvu ndithu.

Tatuluka kubwalo. Ndikuwaonetsa kagwiridwe ka ndodo. Wamkulu wathamanga kuchokera pa Bonongwe mpaka pa Chisoso, ndamuchenjeza. Wachiwiri wathamanga, ndamuchenjeza. Wamng'ono uja wazula mbendera ya pa Nkhwani, waikwera ngati hatchi, akuzungulira bwalo lonse, anzake akugubuduka ndi phwete. Ndakuwa. Mawu atuluka a ku mgodi, oitanira munthu makina akulira.

Mwanayo waika mbendera pansi bwinobwino, wapita kukabisala kumbuyo kwa amayi ake.

A Mwanza andiyang'ana. "Manje mudala, iyi ni gofu olo ni khoti?"

Akuti ana ali ndi homuweki. Atenga mafoni awo m'dengu, kulabokosi, sipika, mlamu. Ngakhale kamodzi mpira sanamenye.

Vidiyo yoti nditumizire mayi a Tadala sindinajambule. Foni yanga inali m'dengu momwemo, pansi pa zonse, poti ndinayamba ndine kupereka chitsanzo.

Pagalasi la chitseko cha kuseri patsala zidindo za zala za ana. Sindipukuta.

Lachinayi, 12 Novembala

Tsiku loyamba la mpikisano weniweni. Osewera otsala: ine, ndi a Gondwe ngati abwere.

Ndathirira kapinga ndi kheni, poti kuno masiku otsegula mipopi yothirira amachita kutigawira, ndipo lero si lathu. Ndadzutsa mbendera. Ndakhala pawindo.

Abwera!

Akwera basi kuchokera ku Morley, atavala tayi ndi chipewa, ambulera kumanja yotchingira dzuwa. Atsika pamalo olakwika, ayenda wapansi pakati pa nyumba zofanana zonsezi, akuti agogoda pawiri pa eni asanandipeze. Njanji ya sitima yofika ku Ellenbrook boma likuti ikubwera. Anthu anayamba kuidikira ine ndisanafike m'dziko muno.

Ku America mpira woyamba wa Lachinayi amamenya ndi akuluakulu, akatswiri akale oti tsitsi linayera, anthu n'kuwaombera m'manja. Ulemu umenewu ndaupereka kwa a Gondwe. Avula chipewa, akuti tiyambe ndi pemphero. Apempherera bwalo, mpira, boma la kuno, boma la kwathu, odwala, ndege kuti ziyambenso kuuluka. Pa za ndegepo ameni wanga watuluka mokweza kuposa momwe ndimafunira.

Aponya ndodo koyamba, amenya mphepo. Kachiwiri, afukula kapinga wokwana chipewa chawo. Kachitatu mpira wauluka, wakamenya mpanda wamalata, phokoso ngati ngozi ya pamsewu, galu wa aneba wayamba kulira ngati wabedwa. A Gondwe aseka mpaka akhala pabini. Ndaseka nawo. Kuseka kwanga kwandidabwitsa, kwachita dzimbiri.

Tazungulira maenje onse kangapo. Zomwe amenya ndalemba papepala, koma sindikopera muno, ndi akuluakulu.

Pa tiyi andiuza zawo. Anabwera kudzaona mdzukulu wobadwa kumene, miyezi itatu yokha, mayi a kunyumba anatsala ku Rumphi kuyang'anira munda. Malire anatsekedwa iwo ali kuno. Mwana wawo ndi mkamwini amasinthana mashifiti, khanda limapita kosungira ana, iwo amatsala ndi TV yoyankhula Chizungu chothamanga. Akuti tsiku lina anakwera sitima mpaka ku Fremantle n'kubwerera osatsika, kungofuna kumva anthu akuyankhula pafupi.

Ndawaonjezera tiyi.

Ndawasimbira mbiri ya mpikisano wa ku America, kuti nthawi ya nkhondo yachiwiri unaima, ndipo pabwalopo anayamba kuwetapo ng'ombe ndi nkhukundembo. A Gondwe akuti imeneyo ndiyo nthawi yokhayo imene malowo anagwira ntchito yanzeru. Akuti mzungu ukamupatsa dambo lachonde amadzalapo udzu, n'kulemba anthu oumeta.

Tamaliza mbuzi. Ndawaperekeza mpaka pokwerera basi, tikuyenda pang'onopang'ono ngati kwathu. Akuti mawa abwera ndi ndodo yawo yoyendera, akuikhulupirira kuposa zangazi.

Lero ndasangalala. Ndalemba kuti ndisaiwale.

Lachisanu, 13 Novembala

M'mawa ndaonera zobwereza pa TV, poti ku America amasewera ife tili mtulo. Munthu walowetsa mpira kuchokera kutali, wakweza dzanja kuti athokoze khamu, khamu palibe. Wangokanda m'mutu ndi dzanja lomwelo.

A Gondwe afika molawirira, osasochera, atanyamula phava la nthochi. Akuti dzulo achita kuyeserera pabalaza ndi lalanje mpaka mwana wawo kuwaletsa. Zikuoneka! Pa Chisoso alowetsa ndi ndodo yoyendera, mpira wagunda bini n'kubwerera wokha m'chitini. Avina pang'ono, tayi ikuuluka. Ndawalola, kuvina sikuli pa malamulo.

Koma lero ndi Lachisanu.

Lachisanu likatha ku America amadula. Amene amenya bwino amatsala kuti asewere Loweruka ndi Lamulungu, enawo amalongedza n'kumapita. Pafupifupi theka. Olo ukhale wotchuka bwanji, olo unapambanapo kale, ukatsalira mpeni sukuona nkhope. N'chimene chimaupatsa mpikisano ulemu.

Theka la anthu awiri ndi munthu mmodzi.

Ndaganiza kwambiri ndikuwiritsa madzi. Mtima ukuti zisiye. Mutu ukuti ukapinda lamulo limodzi, ndiye a Mwanza unawakalipiranji, mayi Chikaonda unawabwezeranji? Komanso ndikuti aseka. Munthu woseka ngati dzulo lija sangalephere kuseka izi, tigwirana chanza ngati pa TV, nkhani n'kutha.

Ndaimirira, ndamanga mabatani a shati. "Bambo, malinga ndi ndondomeko ya mpikisano, mwadulidwa."

Afunsa kuti kudulidwa ndiye kutani. Ndafotokoza, mpaka ndawaonetsa pepala. Aliyang'ana nthawi yaitali ngakhale magalasi anali m'thumba.

"Ndiye kuti mawa ndisabwere?"

Ndati ngati wosewera, ayi.

Afunsa ngati angabwere kudzangokhala pampando, kumaonerera ine ndikumenya.

Ndipo pakamwa pangapa, pakamwa pomwe ndimapempherera, payankha pokha kuti chaka chino owonerera kulibe.

Sanaseke. Aika kapu pansi tiyi ali theka. Avala chipewa, atenga ndodo ndi ambulera. "Mwatisunga bwino masiku awiriwa, bambo. Ambuye akudalitseni." Ndati ndiwaperekeze, akana. Akuti njira aidziwa tsopano.

Ndaima pageti kuwayang'ana mpaka akhota. Sanacheuke.

Nthochi zili patebulo. Ndine chitsiru, ndipo ndikudziwa kuyambira pomwe kapu inagunda tebulo.

Loweruka, 14 Novembala

Ku America Loweruka ndi tsiku loti otsalira athamangire kutsogolo. Ine ndili kutsogolo, kumbuyonso ndili ine.

Zoti ndikonze lero:
- a Gondwe
- gulupu
- kapinga yemwe anafukula a Gondwe (ayi, ameneyu akhale)

Ndaimba ku Morley. Wayankha mwana wawo. Akuti adadi akupuma. Kumbuyo ndikumva TV ndi chifuwa chawo chija. Ndati muwauze kuti malamulo asintha. Akuti awauza akadzuka, mawu ake osalala ngati a kubanki.

Chatsala n'chimodzi chomwe ndimasungira mapeto. Wopambana ku America amamupatsa jekete lobiriwira, ndipo anthu akuluakulu amalira nalo misozi jekete limenelo. Ndapita ku kaunjika wa kuno, wa m'shopu, wopachika pamahang'ala. Ndalipeza. Kubiriwira kwake n'kwa peyala losapsa, mapewa ngati a wapolisi, manja ofika m'zala. Mayi wogulitsa wandifunsa ngati ndili ndi ukwati. Ndati ayi, mpikisano. Akuti zabwino zonse. Ameneyu akutanthauzadi.

Ndalijambula, ndaika pagulupu ndi chilengezo:
- mawa aliyense ndi woitanidwa
- akazi, ana, alamu, onse
- mafoni ololedwa
- kuthamanga kololedwa
- odulidwa abwezeretsedwa

Ndikudikira. Anthu awerenga, foni ikuonetsa. A Chikaonda aika chala chokweza. Patapita kanthawi achichotsa.

Kenako a Kaphale: "Mawa tikaweruka kutchalitchi, nyama kwathu. Aliyense abwere, ife sitilemba mayina."

Mayankho ngati mvula ya matalala! Mayi Chikaonda abweretsa mandasi ndi saladi, zonse ziwiri. A Chikaonda shifiti yawo yasungunuka. A Mwanza abweretsa sipika. Wina akufunsa amene akatenge a Gondwe, anthu atatu akulimbirana.

Chilengezo changa chakwera m'mwamba, jekete silikuonekanso pokhapokha utapukusa chala kwambiri.

Masana ndasewera ndekha, ndondomeko ndi ndondomeko. Pa Nkhwani ndamenya bwino kwambiri, mpira waima pafupi ndi chitini. Khwangwala watera pampanda, wauyang'ana, wandiyang'ana ine, watsika, waunyamula, wapita. Akhwangwala a kuno alibe kolala yoyera ngati a kwathu, ndi akuda bii, ndipo amalira ngati munthu wokhumudwa ndi moyo. Malamulo amati mbalame ikaba mpira umaika wina pomwepo popanda chilango. Ndatsala ndi umodzi.

Mlendo wa lero ndi ameneyo, ndipo sanaitanidwe.

Mayi a Tadala atumiza uthenga. Akuti mawa aimba akaweruka kutchalitchi, Tadala akufuna kuona alendo.

Lamulungu, 15 Novembala

Kutchalitchi sindinapite. Ndikuopa moni wautali.

Ndatulutsabe mipando, ndaindandalika m'mbali mwa bwalo. Mwina wina asochera popita kwa a Kaphale. Jekete ndalikoleka pampando wapakati kuti lioneke kuchokera pageti.

Masana zithunzi zayamba kugwa pagulupu. Utsi wa nyama. Ana a a Mwanza akuthamanga, chithunzi chonse mbuu. A Gondwe ali pampando wabwino pansi pa mtengo, mbale pamwendo, akufotokoza china chake ndi manja awiri ngati agwira ndodo, anthu akuseka. Ndikudziwa nkhani yake.

Ndawerenganso uthenga wa a Kaphale. Aliyense. Kodi ine ndili m'kati mwa aliyense? Ndasamba, ndavala, ndalowa m'galimoto, ndaliza injini. Koma munthu wodula anzake amalowa bwanji pageti la eni, n'kutenga mbale, n'kuima pamzere? Ndazimitsa. Ndakhala momwemo mpaka kutentha kwanditulutsa.

Ndasewera chigawo chomaliza. Bonongwe, Nkhwani, Chisoso. Ndapambana.

Dzuwa litapendeka foni yalira. Tadala watalika, mano akutsogolo amera ine kulibe, Chichewa chake chasanduka cha ku Area 25. "Alendo ali kuti, adadi?" Ndatembenuza foni, ndamuonetsa bwalo. Akuti mwina intaneti yavuta, sakuona munthu.

Amayi ake atenga foni. Zonse akuzidziwa kuyambira Lachiwiri, azimayi a kuno ali ndi gulupu yawoyawo yofika mpaka ku Lilongwe. Andiyang'ana. "Mpaka a Gondwe, bambo a Tadala?"

Ndati eya.

Sanandikalipire, bola akanatero. Akuti ndikabwerako ku mgodi ndigule nkhuku, ndipite ku Morley, ndikagwade, ndipo ndisakatchule America ngakhale kamodzi. Ndikatuluka kumeneko ndidzere kwa a Kaphale. Ndavomera zonse. Ndawauza kuti ndimangofuna kuti anthu abwere, koma atabwera sindinadziwe pogwira, ndinagwira malamulo. Akuti akudziwa. Akuti ndatha nthawi yaitali ndikungoyankhula ndi makina.

Tadala walowetsanso mutu, waona jekete. Akuti ngati ndapambana ndivale aone.

Ndamufotokozera kuti wopambana sadziveka yekha. Wina amaima kumbuyo kwake, amalitambasula, iye n'kulowetsa manja, winayo n'kumukonza m'mapewa. Tadala akuti basi ndiphwanye lamulolo, ena aja ndawaphwanya kale dzulo. Ndalitenga, ndalowetsa dzanja limodzi. Ndalitulutsa. Ili lokha landikanika, ndipo si chifukwa cha America.

"Lipachikeni," atero amayi ake. "Ndidzakuvekani ine."

Ndafunsa kuti liti.

Tangoyang'anana mpaka mayunitsi awo atha.

Ndalipachika mbali yawo ya wadiropu, pakati pa madiresi. Ndalongedza chikwama, ndege ya ku mgodi ndi mawa m'mamawa. Wopambana wa ku America ndikamumvera komweko.